Zikomo alamu, kompyuta ya bambo yayakanso

Abale anga, kompyuta ya malemu bambo yayaka! Thupi lonse lalema, maso akuwawa, koma sindingagone ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa mmene mtima wanga udalili chiyambire tsiku la mphezi lija, pomwe idangotulutsa fungo lopserera n'kukhala zii. Ndi 486 yakalekale, ya DOS, imene bambo adaipeza titabwerako ku Dedza, nkhondo ya kuno ku Mozambique itatha mu 1992. M'menemo ndi momwe adalemba mayina a mtundu wathu wonse, amene adatisiya tili kothawako, amene adatsalira ku Malawi, pamodzi ndi makalata awo. Amene munkati ndikaigulitse kwa ogula zitsulo ndidakumvani bwinobwino. Ena foni yanga simunkayankha n'komwe. Tizisiye zimenezo.

Lero ndikufuna ndinene za alamu anga, amene amakonza mawailesi ndi ma TV pa Ulongwe. Alamu, Mulungu akudalitseni, adalitsenso manja anuwo.

Chidafa ndi fonte, kabokosi kogawa magetsi kaja. Mutakatsegula mudandiitana kuti ndidzionere ndekha: makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, atatupa pamwamba, ena atatayira zamadzimadzi zofiirira pa bolodi, fyuzi itada bii. Mudati ndisayerekeze kukhudza makapasita awiri aakuluwo, chifukwa amasungabe magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa pakhoma, ndipo akhoza kupha munthu. Fonte ya mtundu wakale wa AT yanzake sitidaipeze paliponse. Inu mudatseka benchi yanu, n'kukwera chapa (minibasi) mpaka mu mzinda wa Tete, kotentha kuja, pa ndalama zanu, n'kubwerako ndi ya mtundu watsopano wa ATX. Mudaichotsa zam'kati, n'kuboola mabowo atsopano, n'kuzimanga m'kabokosi kakale komwe kaja, kuti kalowe pamalo pake monga bambo adakasiyira.

Pa mawaya m'pamene ndidaona kuti ntchitoyi ndi yanudi. Ofiira ndi mavoti 5, achikasu 12, apo zikufanana. Koma waya wa olenji pa yakale umangodziwitsa bolodi yaikulu ya kompyuta kuti magetsi akhazikika, pomwe pa yatsopano olenji amanyamula mavoti 3.3, ndipo ntchito yodziwitsayo ili pa waya wotuwa. Wina wopupuluma akadangolumikiza mtundu ndi mtundu. Waya woyera wa mavoti -5 pa yatsopanoyi padalibe, inu n'kuupanga kuchokera ku wabuluu wa -12 ndi kachipangizo ka 7905. Wobiriwira mudaulumikiza ku wakuda kuti fonte iziyaka. Ndipo simudalole kuiika pa kompyuta musanaiyese ndi mita, mutamangirira babu la galimoto. Ngakhale mapulagi awiri olowa pa bolodi ya kompyuta aja, P8 ndi P9, mudayang'ana mobwerezabwereza kuti mawaya akuda akumane pakati, poti akatembenuzidwa bolodi imapsa.

Itangolira "bip", fani n'kuyamba kuzungulira, manambala a memore akuwerengeka pa sikirini, miyendo idandithera mphamvu. Amayi adagwada pansi pomwepo n'kuyamba kupemphera. Ambuye, inu nokha mukudziwa zimene zili m'disiki imeneyi, landirani ulemu.

Zikomonso achemwali, mudalola tebulo lodyera kusanduka malo a mawaya ndi utsi wa soda wowotcherera mawaya, nsima tikudyera pamkeka. Zikomo asuweni a ku Moatize powasunga alamu usiku uja.

Koma alamu, ndibwererenso kwa inu. Makasitomala anu mudawadikiritsa chifukwa cha ine, ndipo nditatulutsa ndalama mudati, "Adali bambo anga inenso." Mawu amenewa andiliza. Mudandithandizanso kukopera zolemba zonse pa kompyuta ina ndi pa fulashi, tsopano zili malo atatu.

Abale a ku Tsangano ndi ku Domwe, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi bwerani kunyumba, tidzawerenge mayina aja pamodzi, aliyense adzatenge pepala lake. Alamu, thumba la kachewere likubwera Lachisanu, ndipo chonde musalibweze.