Kamera Inadzuka Pakati pa Zaukwati

Mphwanga wamkazi atapeza mwamuna ku Johannesburg, unkhoswe unagwera ine, malume ake. Akuchimuna anati basi yochoka ku Joni yadula, ndiye tiyambe taonana pa Zoom, pulogalamu yolankhulana pa vidiyo, Loweruka madzulo. Ndinavomera msanga, jekete ndinapachika pakhomo kuti makwinya athe.

Laputopu yanga inali itangochoka kumene pa Windows 10 kupita pa Windows 11, poti yakaleyo inasiya kulandira zoitetezera pa 14 Okutobala 2025. Zonse zinkayenda bwino kupatula diso lake. Ndikatsegula pulogalamu ya Camera, mdima bii, pansi pake nambala yoopsa, 0xA00F4244, kutanthauza kuti kompyuta sikupeza kamera iliyonse. Kamerayo ili pamphumi pake pomwepo, ine ndikuiona!

Ndinaitana mlongo wake wa mkwatibwi, mnyamata wa kukoleji. Anatsegula Device Manager, pamene pamaoneka zida zonse za kompyuta, nandisonyeza kachizindikiro kachikasu. "Malume, palibe driver, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi kamera. Titsitse yatsopano." Tinatsitsa kudzera mu Windows Update, bandulo yanga ikusungunuka ndikuyang'ana. Titayatsanso makina, nkhope yanga inatulukira mu Camera. Ndinaomba m'manja. Koma titalowa pa Zoom, mdima uja unali utatidikira komweko, nthawi nayo itakwana.

Ndinapepesa kwa akuchimuna kuti lero andimva mawu okha. Iwo anali atandanda pa sofa, masuti ndi mataye, gogo wina atavala duku lonyezimira. Ine poona kuti palibe wondiona, ndinati kutentha konseku jekete n'lachani? Ndinatsala ndi vesiti yobooka pamimba, chitenje cha mayi akunyumba m'chiuno, beseni la mango pamiyendo. Mawu okha ndiye anali a ulemu wake. Ndikamati "Zikomo kwambiri achimwene, ife kuno mwana wathu tinamulera ndi mwambo," madzi a mango anali akutsetsereka mpaka pachigongono.

Mnyamata uja sanagonje. Anagwada pambali panga, dzanja lili pa mbewa ya kompyuta, akung'ung'udza yekha. Analowa mu Settings, kenako Privacy & security, kenako Camera. Kumeneko kuli timaswichi: kena kolola kamera kugwira ntchito, kena kololeza mapulogalamu, ndiye pansi penipeni kena kolembedwa Let desktop apps access your camera. Kameneko kanali kozimitsa, ndipo Zoom imadalira komweko. Anakayatsa, nadinanso Start Video kuti aone ngati zatheka. Kundiuza ayi. Kandinyamule beseni ayi.

Nthawi imeneyo ulusi wa mango unali utandilowa pakati pa mano. Ndinayandikitsa nkhope pagalasi la laputopu, kukamwa yasa, chikhadabo chili pantchito. Ndinaona kanyali koyera kakuwala pamwamba, kenako pakona pakatulukira mkulu wina wamafuta pandevu, atayasamula ngati mvuu ya ku Liwonde. Ndinamumvera chisoni munthuyo, mpaka ndinazindikira vesiti.

Nkhoswe ya kuchimuna inali pakati pofotokoza za tsiku la chinkhoswe. Inaima. Gogo wa duku anakonza magalasi nasendera kufupi. Mphwanga wamkazi anabisa nkhope kumsana kwa mwamuna wake. "Malume," anatero ndi mawu a munthu wofuna kulira, "mukuoneka."

"Yatheka!" anakuwa mlongo wake, akudzimenya pachifuwa.

Ndinadzuka kuti ndithamangire jekete, beseni linagubuduka, ndipo chitenje chinasankha mphindi yomweyo kumasuka. Mwamwayi mayi akunyumba anali pafupi. Anavundikira laputopu yonse ndi nsalu ya patebulo, koma maikolofoni inali yotsegula, choncho Joni yonse inamva akundifunsa kuti chitenje chawo cha kumpingo ndachitenga ndi chilolezo cha ndani.

Nditabwerera nditavala jekete ndi taye, nkhoswe ija inatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, musavutike, tadziwana kale." Zokambirana zinatha bwino, tsiku tinagwirizana. Pomaliza gogo uja anapempha kuti akamabwera kudzapanga chinkhoswe ndiwasungireko mango a mtengo womwewo, chifukwa momwe anaonera, ndi okoma. Mnyamata uja akufunsabe ndalama yake ya ntchito.