Mchere wa m'misewu ya ku Scotland ndi bizinesi yathu yotsuka magalimoto

Bizinesi yathu ndi yotsuka ndi kusamalira magalimoto, ndipo timaichitira m'chigawo chapakati cha dziko la Scotland, m'matauni a Falkirk, Stirling ndi Cumbernauld pamodzi ndi midzi yozungulira. Ndife anthu ochepa: ineyo, mayi a kunyumba amene amasunga mabuku a ndalama ndi kuyankha mafoni a makasitomala, komanso achinyamata amene timawonjezera ntchito ikachuluka. Tinayamba ndi vani yakale yonyamula thanki ya madzi, pampu yopopera madzi mwamphamvu ndi makina oyamwa fumbi, ndipo tinkalondola kasitomala kunyumba kwake kapena kuntchito kwake. Abale athu a ku Malawi akamva za ntchitoyi amaganiza za fumbi la mu Okutobala ndi matope a m'dzinja, popeza ndi zimene otsuka magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amalimbana nazo. Kuno mdani wamkulu wa galimoto ndi mchere, ndipo bizinesi yathu inaima pa miyendo yake titayamba kugulitsa ntchito yochotsa mcherewo m'malo amene mwini galimoto sayang'anako.

Kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Malichi, nthawi zina mpaka mu Epulo, magalimoto akuluakulu owaza mchere amayenda m'misewu madzulo ndi m'bandakucha nthawi iliyonse imene a zanyengo achenjeza kuti kuzizira kufika pa madigiri 0. Misewu ikuluikulu monga M9 ndi M80 ili m'manja mwa bungwe la Transport Scotland, pamene misewu ya m'matauni imasamalidwa ndi makhonsolo. Mchere umene amawazawo si woyera ngati wa m'ndiwo: ndi wa m'migodi, wofiirira chifukwa cha dothi limene umakumbidwa nalo, ndipo mgodi waukulu wa mchere wotere ku Britain uli ku Winsford m'dera la Cheshire. Ntchito yake ndi yabwino ndithu, chifukwa madzi osakanikirana ndi mchere saundana msanga, choncho msewu suterera ndipo anthu amafika kwawo ali amoyo. Vuto ndi lakuti madzi amcherewo amamwazidwa ndi matayala n'kulowa paliponse kunsi kwa galimoto, mmene amasakanikirana ndi matope n'kumatirira. Mchere umakoka chinyezi, motero matope amenewa sauma msanga, ndipo chitsulo chokhala ndi chinyezi chamchere kwa miyezi ingapo chimachita dzimbiri mofulumira kwambiri. Anthu ambiri amadabwa tikawauza kuti dzimbiri limadya kwambiri kunja kukafundako pang'ono, kapena galimoto ikagona m'galaja yofunda ili ndi mchere wake, kusiyana ndi usiku umene zonse zaundana gwa.

Malo amene amawonongeka ndi odziwika: m'mphepete mwa zitsulo zophimba matayala, m'munsi mwa zitseko, pa zitsulo zonyamula injini ndi masipuling'i, komanso timapaipi tachitsulo tonyamula mafuta a mabuleki. Pafupifupi galimoto iliyonse yopitirira zaka zitatu ku England, Wales ndi Scotland imayenera kuyesedwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT, ndipo woyesa akapeza dzimbiri lalikulu pafupi ndi pomangirira masipuling'i, chiwongolero kapena malamba a mipando, kapenanso kapaipi ka mabuleki katadyeka, galimotoyo imalephera. Makasitomala athu oyambirira a nyengo yachisanu anali anthu amene anali atangolipira kumene ndalama zambiri kwa wowotcherera zitsulo, ndipo anthu otere sankafuna kuwafotokozera zambiri.

Ena onse anali ovuta kuwakopa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu akatsukitsa galimoto mu Januwale, pofika kunyumba imakhala itadanso, ndiye amaona ngati wataya ndalama pachabe. Tinkawayankha kuti kunyezimira kwa pamwamba n'kwa tsiku limodzi, koma mchere umene tauchotsa kunsi ndi wa masabata angapo, ndipo ukapanda kuchotsedwa umangowunjikana. Poona kuti mawu okha sakukwanira, tinagula chopopera chokhala ndi timatayala chimene chimalowa kunsi kwa galimoto n'kumaponya madzi m'mwamba, ndipo tinayamba kujambula pa foni mkati mwa zophimba matayala tisanatsuke ndiponso titatsuka, n'kutumizira mwini galimoto zithunzizo. Kuchokera pamenepo tinakhazikitsa dongosolo la nyengo yachisanu: kasitomala amalipira mwezi ndi mwezi, ife timabwera pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo tsiku lenileni timasankha ndife mogwirizana ndi mmene kunja kwachera. Mfundo yotsirizayi ndi imene inkavuta kuvomereza, makamaka kwa anthu a kuno amene amafuna kudziwiratu tsiku ndi ola, koma popanda iyo dongosolo lonse silikanatheka.

Katsukidwe ka m'chisanu kamasiyana ndi ka m'chilimwe pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti dzanja limafika pa penti pomalizira. Zinyalala za m'misewu yowazidwa mchere zimakhala ndi timiyala tosaoneka bwino, ndipo amene angayambe ndi siponji amakanda penti yonse, mikwingwirima yake n'kudzaonekera dzuwa likabwerera mu Meyi. Timayamba ndi kunsi ndi matayala, kenako timathira thovu lochindikala pa galimoto yonse n'kulisiya kwa mphindi zochepa kuti lifewetse matope, ndipo tikatero timatsukuluza kuyambira pansi kukwera m'mwamba ndi kubwereranso. Zikatha izi m'pamene timagwira penti ndi golovesi yofewa, tili ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo ndipo ina ya madzi otsukuluzira golovesiyo. Madzi timagwiritsa ntchito ofunda pang'ono, osati otentha, popeza galasi lozizira kwambiri likalandira madzi otentha limatha kung'aluka, makamaka ngati linali kale ndi kachibowo ka mwala.

Pali masiku amene sititsuka galimoto panja ngakhale kasitomala atachonderera. Kuzizira kukafika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo, madzi amaundana pa penti tisanawapukute, amalowa m'maloko ndi m'malabala a zitseko, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti amene ayenderera pansi amasandutsa khomo la kasitomala ndi njira ya oyenda pansi kukhala poterera, pamene nkhalamba ikhoza kugwa n'kuthyoka chiuno. Inshuwalansi tili nayo, koma sindinaonepo ndalama ya galimoto imodzi imene ingalingane ndi ngozi yotere. Zida nazonso zimafuna chisamaliro chawo: madzi akamaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo zimenezi n'zokwanira kuswa mutu wa pampu usiku umodzi wokha, choncho madzulo aliwonse timakhuthula mapaipi onse n'kulowetsa pampu m'nyumba.

Chisanu cha kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi mu 2018, chimene anthu anachitcha Beast from the East, chinatipeza bizinesi ikadali yaing'ono. A zanyengo anapereka chenjezo lofiira la chipale chofewa m'chigawo chathu chino, lomwe ndi chenjezo lalikulu kuposa onse, ndipo madalaivala ambiri anagona m'magalimoto awo pa msewu wa M80. Vani yathu sinatuluke pakhomo, ndipo ndalama sinalowe. Koma chipale chitasungunuka, misewu inali itamwa mchere wochuluka moti mafoni anayamba kulira kuposa kale lonse, ndipo tinaona kuti tikanakhala ndi malo okhala ndi denga tikanalandira ntchito yochuluka kuposa imene vani inkakwanitsa. Chigawo chathu sichizizira ngati kumapiri a kumpoto, kumene mudzi wa Braemar unafikapo pa madigiri 27.2 pansi pa ziro mu 1895 ndiponso mu 1982, koma masiku oundana amakhalapo okwanira kusokoneza munthu wodalira ntchito ya panja yokha. Tinachita lendi kanyumba m'dera la mafakitale, ndipo kuyambira pamenepo vani imagwira ntchito masiku abwino pamene kanyumbako kamatisunga masiku oipa.

Kupukuta ndi ntchito imene timathera nthawi yaitali kuposa mmene makasitomala amaganizira. Timatsegula zitseko zonse ndi buti, n'kupukuta mafelemu ake mpaka aume, timapemerera mpweya m'magalasi a m'mbali ndi m'zogwirira zitseko, ndipo malabala timawapaka mafuta a silicone kuti asamamatirane ndi chitsulo usiku. Labala lonyowa likaundana, mwini galimoto amakoka chitseko mwamphamvu m'mawa n'kuling'amba, ndipo mlandu umagwera amene anatsuka dzulo lake. Pomaliza timapempha kasitomala kuti ayendetse galimotoyo pang'ono akuponda mabuleki mofatsa kuti aume, chifukwa mabuleki onyowa akasiyidwa atamangidwa usiku wozizira amatha kukanirira. M'kati mwa galimoto nkhani ndi chinyezi: nsapato zimabweretsa chipale ndi mchere, kapeti imanyowa, magalasi amachita nthunzi m'mawa uliwonse, ndipo pamatsala mizere yoyera imene timaichotsa ndi madzi ofunda osakaniza ndi viniga pang'ono tisanayamwe madziwo ndi makina. Amene amamvera malangizo athu amachotsa timakapeti tansalu mu Okutobala n'kuikamo talabala.

Kanyumba kaja kanatithandizanso pa nkhani ya madzi oipa, imene ambiri oyamba bizinesi imeneyi saiganizira. Ngalande zambiri za m'mbali mwa msewu zimapita molunjika ku mitsinje, ndipo madzi a sopo, mafuta ndi mchere ochokera pa bizinesi saloledwa kulowa mmenemo. Bungwe la SEPA ndi limene limayang'anira za chilengedwe ku Scotland, ndipo kutaya madzi otere m'mapaipi a zonyansa kumafuna chilolezo cha bungwe loona za madzi la Scottish Water. Zonsezi ndi ndalama, ndipo n'chifukwa chake mitengo yathu singafanane ndi ya malo ena otsukira pamanja amene amatchipa modabwitsa. Mu 2018 komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain yoona za chilengedwe inafufuza malo otere ndipo inadandaula za kuipitsa madzi komanso za kudyera masuku pamutu antchito, ambiri mwa iwo obwera kuchokera kunja. Ine monga mlendo m'dziko lino nkhani imeneyi imandikhudza, ndipo maganizo anga ndi akuti mtengo ukatsika kwambiri ndiye kuti pali wina amene akulipira ndi manja ake ong'aluka ndi chisanu. Achinyamata athu timawalipira motsatira malamulo, timawagulira magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi, ndipo pakati pa galimoto ina ndi inzake amakhala ndi nthawi yomwa tiyi pamalo ofunda.

Ndalama za bizinesi imeneyi zimayenda ndi nyengo. Okutobala ndi mwezi wabwino, chifukwa ndi pamene timapaka magalimoto mankhwala oteteza penti ndi mafuta oteteza kunsi mchere usanayambe. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yowawa: chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo, anthu amakhala atathera ndalama pa Khirisimasi, ndipo pa 31 Januwale bungwe la msonkho la HMRC limafuna zake kwa aliyense wodzilemba yekha ntchito. Mayi a kunyumba ndi amene anakhazikitsa lamulo lakuti gawo la ndalama za chilimwe lisamakhudzidwe mpaka tsiku limenelo litadutsa, ndipo pa nkhani imeneyi sakambirana ndi munthu. Mu Malichi ndi mu Epulo ntchito imasefukira, popeza aliyense amafuna kuchotsa zonse zimene chisanu chasiya.

Pali tinthu tina timene timangochita popanda kulipiritsa chifukwa tili kale pa galimotopo. Timathira madzi otsukira galasi okhala ndi mankhwala oletsa kuundana, timaimika mawaipa kuti asamatirire, timapukuta nyali, ndipo tikaona kuti mizere ya matayala yayandikira mamilimita 1.6 amene lamulo limalola, kapena kuti batire likulira mofooka poliza injini, timamuuza mwini wake kuti apite kwa makaniko. Ife si amakaniko ndipo sitikonza chilichonse, koma ndife amene timagwada pafupi ndi galimotoyo kawirikawiri kuposa wina aliyense.

Ntchito ina imene sitinaiyembekezere inachokera kwa Amalawi anzathu. Popeza ku Britain ndi ku Malawi konse magalimoto amayenda kumanzere, ena amagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kuno kuti aitumize kumudzi, ndipo amatipempha kuti tikaione asanalipire. Wogulitsa amakhala ataipukuta bwino pamwamba, koma ife timapita ndi tochi n'kuyamba ndi kunsi, kenako timafufuza pa intaneti mbiri ya mayeso ake a MOT, imene boma limaionetsa kwaulere munthu akangolemba nambala ya galimoto, kuti tione ngati oyesa anachenjezapo za dzimbiri m'zaka za m'mbuyo. Galimoto imene yatha zaka zambiri m'misewu yamchere ikhoza kukhala ndi injini yabwino ndi mipando yokongola, koma zitsulo zake zonyamula masipuling'i zikhale zitadyeka moti sizingapirire mabampu a msewu wafumbi wa kumudzi. Tikapeza zotere timamuuza wogulayo kuti afunefune ina, ndipo imene yatikhutiritsa timaitsuka kunsi kawiri, kuiumitsa bwinobwino ndi kuipaka mafuta oteteza isanapite ku doko, chifukwa ulendo wa panyanja nawonso ndi wa mpweya wamchere.