Zikomo kwa onse amene munathandiza mayi athu

M'malo mwa banja lathu kuno ku Thyolo, ndikuthokoza onse amene munatigwira dzanja mayi athu atadwala mwakayakaya.

Bambo a kabaza amene munawanyamula usiku kudutsa m'minda ya tiyi, msewu uli woterera ndi mvula, n'kukana kulandira ndalama, Mulungu akudalitseni.

Anamwino a kuchipatala cha boma, inu ndiye tikusowa mawu. Munalipo ochepa, odwala ali mbwee mpaka ena pansi, koma simunatikalipire ngakhale kamodzi. Mayi anafunika magazi ndipo anapezeka. Amene munapereka magaziwo kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service, ambiri mwa inu ana asukulu, landirani zikomo wathu. Magadiyani anzathu amene munatigawira nkhuni ndi ufa kukhitchini, sitikuiwalani.

Sitinalipire kalikonse, ndipo izi n'zoyenera kuzisunga. Mu 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu, chonde kumbutsani boma lonjezoli kuti anamwinowa awonjezeredwe anzawo ndi mankhwala.

Mayi atuluka, ayamba kudya phala.