Tsiku Limene Ndinavula Mphesa ku Stellenbosch

Nditapeza ganyu pamunda wina wa mphesa kufupi ndi Stellenbosch, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, ndinkadziona ngati katswiri wa masamba, pakuti ndinakulira ku Kasungu kumene mwana amadziwa kuthyola fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Unali mwezi wa Disembala, mphesa zikadali zazing'ono ndi zobiriwira, ndipo ntchito imene inalipo inali yopatulira masamba ophimba matsango.

Kapitawo wathu, mkulu wodekha wa kwathu komwe, anandifotokozera kuti mphesa za mtundu wa Chenin blanc, zomwe zimalimidwa kwambiri m'dzikolo, zimabereka mothithikana, kotero kuti mame kapena mvula zikalowa m'kati mwa tsango siziuma msanga, ndipo chuku chotuwa chotchedwa Botrytis chimayamba kuwoletsa zipatso. Masamba akachepa, mphepo ya kumwera chakum'mawa imene kumeneko amaitcha Cape Doctor imadutsa n'kuumitsa matsango, komanso mankhwala opopera amafika pamene akufunikira. Mizere ya pamundapo inayalidwa kuchokera kumpoto kupita kumwera, choncho lamulo linali lakuti tichotse masamba awiri kapena atatu kumbali ya dzuwa la m'mawa, kwinaku tikusiya mbali ya kumadzulo yophimbika chifukwa dzuwa la masana limaotcha. Tsoka ilo, pamene ankanena mawu akuti "la m'mawa", thirakitala inadutsa ikubangula, ndipo chimene chinafika m'khutu mwanga ndi "kumbali ya dzuwa" basi. Nthawiyo n'kuti titangomaliza chakudya cha masana, dzuwa litapendekera kale kumadzulo.

Ndinagwira ntchito imeneyo ndi manja onse awiri. Anzanga asanafike pakati pa mzere wawo, ine ndinali nditayeretsa mbali yonse ya kumadzulo, ndipo nditacheuka n'kuona masamba a kum'mawa akugwedezeka mwamatama, mtima wa mlimi wa fodya sunalole kuti tsamba labwino litsale m'munda. Ndinawathyolanso, n'kuwaunjika mwadongosolo kumapeto kwa mzere uliwonse, aakulu paokha, aang'ono paokha.

Kapitawo atafika anavula chipewa, nayang'ana matsango ali lendelende pamtetete kwa nthawi yaitali ndithu.

"Achimwene, kodi mbuzizi zalowera pati?"

"Palibe mbuzi, bambo, ndi ineyo," ndinayankha monyadira, ndikuyembekezera kuti mwina andikweza pantchito.

Anandikhazika pansi n'kundiuza, ndi mawu otsika a munthu amene akulimbana ndi mkwiyo, kuti masamba ndiwo amapanga shuga wolowa m'zipatso, ndipo mpesa wopanda masamba sungakhwimitse kanthu. Kenaka anandifunsa ngati milu ija ndinkafuna kupita nayo ku okushoni.

M'mwezi wa Januwale kutentha kunapitirira madigiri 35, ndipo mphesa za m'mizere yanga zinapsa, zinafiira, kenaka zinafota. Komabe kunena chilungamo, ndipo ichi ndimachiteteza mpaka lero, m'mizere imeneyo simunapezeke tsango ngakhale limodzi lowola. Nditawakumbutsa zimenezi akapitawo, anangondipatsa chitini ndi ndodo kuti kuyambira tsikulo ndizipirikitsa mbalame mpaka nthawi yokolola, ndipo anzanga anayamba kunditcha aMbuzi. Ntchito yatsopanoyo inali yopepukako mbali imodzi, chifukwa mbalame nazo zikafika pamizere yanga zinkangodutsa osatera.