Zikomo nonse amene munandigwira dzanja zaka 6 zapitazi

Abale ndi alongo, sabata ino ndayang'ana lipoti langa la ngongole ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, konse kutatu, ndipo mawu aja akuti bankruptcy, chigamulo choti munthu walephera kubweza ngongole zake, achoka. Kuno ku England amakhala pa dzina la munthu zaka 6 kuchokera tsiku la chigamulo, ndipo changa chinatuluka mu 2019. Ndati ndithokoze poyera.

Ambiri munangomva kuti bizinesi yanga yotumiza katundu kumudzi yatha. Zotsalazo ndinkabisa. Ngongole ya vani, ya malo osungira katundu ndi ya makhadi zinandipanikiza, mpaka makalata ndinkangowaponya m'kabati osatsegula.

Ndiyambe ndi mayi wina wa ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo, amene anatsegula nane makalatawo imodziimodzi, osandilipiritsa ngakhale khobidi. Ndiye anandiuza kuti pempho la bankruptcy limapita pa intaneti, mtengo wake ndi £680, ndipo munthu amamasulidwa pakatha miyezi 12. Pa nthawi imeneyo sungakongole zoposa £500 osamuuza wokongozayo kuti uli mu bankruptcy. Vani inapita m'manja mwa Official Receiver, mkulu wa boma woyang'anira katundu wa munthu amene ali mu bankruptcy. £680 ija ndinalibe. Amayi anzanga a chipereganyu, inu munasintha ndandanda kuti ndilandire ine ulendo usanandikwanire, ndipo palibe anafunsa kuti ndi za chiyani. Mulungu akudalitseni.

Nditamasulidwa ndinalumbira kuti khadi la ngongole sindidzaligwiranso. Alamu anga ndi amene ananditsutsa. "Mlamu," anatero, "kuno munthu wosakongola samudziwa. Akufuna aone kuti mukakongola mumabweza." Zinandinyansa, koma anali kunena zoona. Tinakhala patebulo la kukhitchini, foni pakati, n'kuyamba ndi zida za pa intaneti zongoyesa ngati okongoza angakupatse khadi, chifukwa pempho lenileni limasiya chizindikiro pa lipoti, ndipo mapempho akachuluka umaoneka ngati wosowa pogwira. Ndinapeza credit builder card, khadi lothandiza kukonza mbiri ya ngongole, ya malire a £200, chiwongoladzanja chake choposa 30 peresenti pachaka. Katapila wovala tayi, kunena zoona.

Koma chiwongoladzanjacho chimaluma wosiya ngongole kugonera mwezi wina. Ine khadilo linali la petulo basi, osapyola gawo limodzi mwa magawo anayi a malirewo, ndipo direct debit, njira yoti ndalama zizichoka zokha ku akaunti yanga ya kubanki, inkalipira ngongole yonse mwezi ndi mwezi. Likachoka pa pampu linkabwerera m'chitini cha tiyi pamwamba pa firiji. Alamu omwewo anandiuza kuti ndilembetse m'kaundula wa ovota, poti ife Amalawi ndife a Commonwealth ndipo wokhala ndi chilolezo chokhala kuno amaloledwa. Okongoza amatsimikizira adiresi yako pamenepo. Anandipezeranso ngongole zakale zimene pa lipoti zinkaoneka ngati zikadalipo, chonsecho zinatha ndi bankruptcy, ndipo tinalemba makalata mpaka anazikonza.

Tsopano nayi nkhani imene lipoti silinena. Khadi lotere limagwetsa munthu tsiku la mavuto, osati tsiku wamba. Bambo anga aang'ono atatisiya ku Dedza, foni inalira usiku, bokosi likufunika, chakudya cha pamaliro chikufunika, ine m'thumba muli mbee. Ndinatsitsa chitini chija. Ndinkadziwa kuti kutapa ndalama pa makina ndi khadi la ngongole kumayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo, ndipo okongoza ena akaona amakayika nawe. Kusanache, a kutchalitchi kwathu munali mutayamba kale kusonkha chipepeso pa gulu la WhatsApp, ena £10, ena £20, ena ongochoka kumene ku shifiti ya usiku. Maliro anayenda mwaulemu, khadi osakhudzidwa. Miyezi yonse imene lipoti likuti ndinalipira pa nthawi yake, ina mwa iyo munalipira ndinu, kungoti mayina anu sanalembedwepo.

Bambo a ana anga, zikomo. Tinasiyanitsa maakaunti kuti mbiri yanga isakoke yanu, ndipo munasenza lendi nokha osandiwerengera. Azakhali amene munasaina kuti mudzalipira lendi ife tikalephera, mwezi watha tapeza nyumba ina ndipo mwininyumba sanafune wotiimira. Pumulani tsopano. Amayi anga kumudzi, chaka chathunthu sindinatumize kanthu, inu pa foni mumangofunsa za adzukulu. Ndinkadziwa kuti feteleza simunagule.

Malire a khadi anakwera pang'onopang'ono, koma likugulabe petulo yekha.

Ngati pali wina pakati pathu amene akubisa makalata, pitani ku Citizens Advice, StepChange kapena National Debtline, konseko ndi kwaulere. Musathamangire bankruptcy chifukwa choti ine ndinadutsamo. Pali njira zina monga Debt Relief Order, ya anthu opeza zochepa amene alibe katundu wambiri, ndipo ku Scotland malamulo ake ndi ena. Mukafuna wokuperekezani, ndilembereni kumbali, sizituluka. Amayi a chipereganyu, Loweruka lino msaphike kwanu, nsima ndi chambo zili kwa ine.