Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kope lofiira lija

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo latha. Ambiri mukufunsa kuti mpamba wa bizinesi ya chiponde ndinautenga kuti, poti ntchito ya m'shopu itatha ndinalibe ndi yogulira sopo yomwe. Dekhani, ndifikapo.

Chaka cha 2022 ndinangokhala pakhomo. Palibe chokamba.

Za chiponde ndinayamba kuziganiza mu 2023. Ndinagula kope lofiira la ana asukulu n'kumazungulira nalo mumsika wa Mgona ku Lilongwe, kulemba mtengo wa ndowa ya mtedza, mabotolo, mchere, makala okazingira, chigayo. M'masitolo akuluakulu ndimatembenuza mabotolo a anzanga kuti ndione chidindo cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, mpaka mlonda wina anayamba kunditsatira, kuyesa ndine wakuba.

Kope limenelo ndinapita nalo kwa alamu anga aja, mukuwadziwa. Ndinawapeza akudya. Sanasambe n'komwe m'manja, anangovundukula masamba awiri ndi chala cha ndiwo n'kuseka. "Mlamu, chiponde ngakhale agogo kumudzi amasinja mumtondo. Imeneyo n'kukhala bizinesi?" Achemwali anga, mimba imodzi, anangoti zyoli kuyang'ana m'mbale. Ine chiimire pakhomo, kudikira kuti mwina anena kanthu. Sananene. Ya minibasi ndinali nayo, koma ndinabwerera wapansi kuti ndilire bwinobwino popanda wondifunsa. Alamu, ndikudziwa mumawerenga kuno ngakhale simulemba kanthu. Banga la ndiwo lija likadalipo patsamba lachitatu.

Amene munandifunsa kuti bwanji sindinapite ku NEEF, bungwe la boma la ngongole za bizinesi, kunena zoona ndimaopa ngongole yosainira mapepala ndisanagulitseko ndi botolo limodzi lomwe. Katapila ndiye ayi, ndinaona zomwe anachita kwa mayi aang'ono. Ndinalowa banki m'khonde ya amayi a kumpingo, kuponya masheya pang'onopang'ono mpaka anandikongoza. Chiwongoladzanja chake chimaluma, koma pogawana mu Disembala chimabwerera kwa ife tomwe.

Ndalama itangofika m'manja ndinathamangira mtedza wotchipa, ndowa zitatu. Ndikutuluka mumsika, gogo wina wogulitsa nsinjiro anandiimitsa, anatapa njere imodzi, kuiluma, n'kulavula. "Mwanawe, uwu anaunyowetsa posenda. Tanunkhiza." Fungo la chuku. Anandikhazika pathumba n'kundiuza kuti mtedza wouma bwino umalira ukaugwedeza m'manja, kuti mtedza wofiira uja wa mtundu wa CG7 ali ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimatuluka chofewa kuposa cha Chalimbana, komanso kuti poizoni wa chuku satha ndi kukazinga. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ndi aflatoxin, yemweyo amene a MBS amayeza. Usiku umenewo ndinakhala pamphasa ndi tochi ya foni kusankha njere imodziimodzi. Pafupifupi theka linapita kudzala. Gogoyo sanandilipiritse kanthu, ndipo mpaka lero nsinjiro ndimagula kwa iwo okha.

Mabotolo oyamba ndinagulitsa kwa amayi a gulu omwewo, ena pa Airtel Money, ena mpaka pano sanalipire, koma tiwasiye.

Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mitengo yonse ya m'kope muja inasanduka bodza. Mamawa wake ndinabwereranso ku Mgona, kope kukhwapa, n'kuyamba kufufuta kuchokera pa mabotolo.