Simu kadi yakunja ndi nkhani ya ma drone

Ndikamapita ku Lilongwe kukaoda katundu, ndikangodutsa pa malire a Mwami ndimaika simu kadi ya TNM m'foni. Bandulo yogula komweko imatsika mtengo kuposa roaming (kugwiritsa ntchito simu kadi yakwathu kunja kwa dziko).

Koma za ku Russia, kumene mng'ono wanga akuphunzira, zandidetsa nkhawa. Kuyambira mu October 2025, simu kadi yakunja ikangolowa m'dzikolo amaitsekera intaneti ndi SMS kwa maola 24. Chifukwa chake ndi ma drone, tindege topanda munthu mkati, poti ma drone ena amanyamula simu kadi n'kumayendera netiweki ya mafoni. Kutseka netiweki sikudya ndalama ngati kuwombera ma drone ndi mzinga, n'zoona, koma wovutika ndi mlendo amene wangotsika ndege, njira sakuidziwa. Makolo a kuno ku Chipata, mwana wanu akamapita kumeneko alembe adiresi papepala, ndipo akakhala chete tsiku loyamba musachite mantha.